Mukufuna kupita kunja ngati au pair? Yambani mwafunsa komwe kuli khomo lotulukira

Ngati muli m'magulupu a WhatsApp a kuno ku Chezi, a ku Mvera kapena a pa boma pa Dowa, ndiye kuti mwaziona kale. Chithunzi cha mtsikana atavala chijekete chachikulu, akumwetulira, m'manja atanyamula kamwana ka mzungu. M'munsi mwake alemba kuti pakufunika atsikana opita kunja ngati au pair: nyumba yaulere, chakudya chaulere, malipiro m'madola, malo atsala ochepa. Nambala ya foni ili pompo, ndipo ndalama yolembetsera akuti utumize lero lomwe.

Ine sindikudabwa kuti anthu akukopeka. MSCE uli nayo koma ntchito palibe. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chichokereni pamenepo mtengo wa feteleza, sopo ndi thiransipoti sunabwererenso m'mbuyo. Geni ya tomato m'mbali mwa msewu wa Salima imayenda lero, mawa osayenda. Ukapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba, malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa mu 2025 anali K72,800 pamwezi, ndipo tonse tikudziwa kuti mabwana ambiri safika n'komwe pamenepo. Ndiye ndege zikamanyamuka pa Lumbadzi, ife n'kumaziona pamwamba pa mapiri athuwa, mtima umati: bwanji ine?

Kufuna kupita si tchimo, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Vuto ndi loti funso loyamba lomwe ambiri timafunsa ndi lakuti ndizikalandira zingati. Kwa ine funso loyamba likhale ili: zinthu zikakavuta m'nyumbamo, ndidzatuluka bwanji? Yankho la funsoli ndi lomwe likusiyanitsa mtsikana amene wabwera ndi chilankhulo chatsopano ndi kampamba, ndi mnzake amene anachita kukamuwombola.

Au pair weniweni ndi chiyani?

Mawuwa ndi Achifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi kukhala wofanana ndi ena. Maganizo ake ndi oti wachinyamata akakhale ndi banja la m'dziko lina kwa kanthawi ngati mchemwali wamkulu wa pakhomopo, aziyang'anira ana ndi kuthandiza tintchito topepuka, uku akuphunzira chilankhulo ndi chikhalidwe. Mu 1969 bungwe la Council of Europe linakonza pangano la momwe zimenezi ziziyendera, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake.

Ku Germany amalandira a zaka 18 mpaka 26. Uyenera kusonyeza kuti ukudziwako Chijeremani pamlingo woyambirira wa A1. Ntchito isapitirire maola 30 pasabata, ukhale ndi chipinda chakochako, ndipo banjalo likulipirire inshulansi. Amakupatsa mayuro 280 pamwezi, kuphatikizapo mayuro 70 othandizira sukulu ya chilankhulo. Nthawi yake sipitirira chaka chimodzi. Ku Netherlands amalandira a zaka 18 mpaka 25 omwe sali pabanja ndiponso alibe mwana, ndipo zonse zimadzera ku kampani yovomerezedwa ndi ofesi yawo yoona za olowa m'dziko, IND. Malamulo awo salola kuti au pair apereke dipoziti kwa ejenti kapena kwa banjalo. Ku America n'kwa a zaka 18 mpaka 26, maola osapitirira 45 pasabata, ndalama yochepetsetsa $195.75 pasabata, kudzeranso m'mabungwe omwe boma lawo linavomereza. Komanso dziwani kuti America yakhwimitsa kwambiri kapezedwe ka viza kwa Amalawi: kuyambira Ogasiti 2025 ofuna viza yongokacheza anayamba kuuzidwa kuti asiye chikole chofika mpaka $15,000. Ndiye wina akamalonjeza kuti akufikitsani ku America pasanathe mwezi, mufunseni kuti adzera khomo liti.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Mayuro 280, pamtengo wa ku banki wa pafupifupi K2,000 pa yuro, ndi ndalama yopitirira theka la miliyoni. Poyerekeza ndi K72,800 ija, mutu umazungulira ndithu. Koma dikirani kaye. Tikiti ya ndege nthawi zambiri umagula wekha, ndipo yokhayo itha kudya ndalama ya miyezi itatu kapena inayi. Viza ya ku Germany ndi mayuro 75. Pasipoti, maphunziro a chilankhulo, maulendo a ku Lilongwe okatenga zikalata, zonsezo n'za m'thumba mwako. Ukafika uko ugule zovala za m'nyengo yozizira, yuniti, tikiti ya basi, ndipo zonsezo mitengo yake ndi ya ku Ulaya, osati ya pa msika wa Chezi.

Eni ake ndalama imeneyi saitchula n'komwe kuti malipiro. Amati ndi ya m'thumba basi. Phindu lenileni la au pair ndi chilankhulo, komanso mwayi woti chaka chikatha utha kupempha malo a sukulu kapena maphunziro a ntchito ngati unamwino, ukakwaniritsa zomwe amafuna. Ameneyo ndi mwayi weniweni, sindikuunyoza. Koma banja lomwe likugulitsa mbuzi, kupinyolitsa dimba kapena kutenga katapila poganiza kuti mwana azitumiza ndalama ya feteleza mwezi ndi mwezi, lawerengera molakwika. Ndipo ngongole imeneyo ndi yomwe imamumanga mtsikana miyendo. Akamazunzika amaganiza za katapila wa kumudzi, n'kungopirira.

Zomwe zinachitika ku Oman

Atsikana ambiri a ku Malawi omwe anapita kukakhala ndi mabanja kunja sanapite ku Germany ayi. Anapita kumayiko a Aluya, makamaka Oman, komwe kulibe dongosolo la au pair. Kumeneko umapita ngati wantchito wa m'nyumba, pansi pa dongosolo lotchedwa kafala. Viza yako imamangiriridwa kwa bwana. Ukachoka pakhomo pake popanda chilolezo, iye amakanena kuti wathawa, ndipo amene amasakidwa ndi apolisi ndi iweyo. Lamulo la ntchito la dzikolo silikhudza antchito a m'nyumba.

Mu Malichi 2024 a BBC Africa Eye anaonetsa kanema wotchedwa Trapped in Oman. Amayi a ku Malawi anafotokoza momwe maejenti anawanamizira za ntchito yabwino, ena atauzidwa kuti akupita ku Dubai. Atafika analandidwa mapasipoti, ankagwira ntchito usana ndi usiku, ena anamenyedwa, ena kugwiriridwa. Mmodzi, wa zaka 23, anabwera ali m'bokosi. Amene anayambitsa zowapulumutsa ndi Mmalawi wokhala ku America, mayi Pililani Mombe Nyoni. Iwo anaona uthenga wa mayi wina akupempha thandizo pa Facebook, n'kutsegula gulupu ya WhatsApp, ndipo amayi opitirira 50 analowamo. Bungwe la Do Bold linathandiza kukambirana ndi mabwanawo, omwe ankafuna kubwezeredwa ndalama zomwe analipira kwa maejenti asanamasule munthu. Boma la Malawi linati linawononga ndalama zoposa $160,000 kuti amayi 54 abwerere kwawo.

Taonani bwino apa. Amayiwa sanapite mozemba, anakwera ndege ali ndi mapasipoti ndi maviza. Chomwe chinasowa ndi khomo lotulukira. Pasipoti ili kwa bwana, foni walandidwa, chilankhulo sukuchidziwa, lamulo lili mbali ya bwana. Chikomekome cha mkuyu chija n'chimenechi. Ndipo popeza dzina la Oman linaipa m'makutu mwa anthu, musadabwe wokopa anthu akamasankha mawu omveka bwino ngati au pair. Dzina la ntchito silikutetezani, chokutetezani ndi lamulo la dziko lomwe mukupitalo ndi pepala lomwe mwasaina.

Ngakhale kodutsira boma, viza imamanga

Ena anena kuti bola zopita kudzera m'boma. N'zoona kuti n'kwabwinoko, koma tikumbukire za ku Israel. Pa 25 Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko, boma likudziwa. Mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa atapezeka kuti achoka m'mindamo n'kukagwira ntchito kwina. Viza yawo inali ya kumunda basi. Kaya anachoka chifukwa cha malipiro kapya chifukwa china, phunziro ndi lomwelo: ukasemphana ndi amene dzina lake lili pa viza yako, amene amalongedza chikwama ndi iweyo.

Ku Ulaya nakonso si kumwamba. Dziko la Norway linatseka dongosolo lake la au pair mu Malichi 2024, litaona kuti mabanja olemera asandutsa atsikanawa antchito otchipa. Philippines inaletsapo nzika zake kupita ku Ulaya ngati au pair kuyambira 1998 mpaka 2012 kaamba ka nkhanza. Maola 30 a papepala atha kusanduka 60, chifukwa komwe ukugona n'komwe ukugwira ntchito, ndipo bwana ndi yemwe akukupatsa mbale. Kusiyana kwake n'koti ku Germany kontirakiti imalola mbali iliyonse kuthetsa mgwirizano popereka chidziwitso cha masabata awiri, pasipoti imakhala m'chikwama mwako, ndipo utha kufunafuna banja lina. Khomo liripo, ngakhale ndi lopapatiza.

Mafunso oti mufunse musanatumize kobiri

Safunsa anadya phula, anzanga. Ine ndikanakhala kuti mchemwali wanga walandira uthenga woterewu, ndikanayamba ndi izi.

Dziko lake ndi liti, tawuni iti, banja lake ndi liti? Au pair weniweni amalankhulana ndi banjalo pavidiyo kangapo asanasaine chilichonse, amaona ana, amaona chipinda. Ejenti akamati banja mukalidziwa mukafika, thawani.

Viza yake ndi ya mtundu wanji? Ngati akuti mulowe ndi viza yokacheza ndipo zina akakonza konko, ndiye kuti kuyambira tsiku loyamba mudzakhala mukuphwanya lamulo, ndipo simudzayerekeza kupita kupolisi ngakhale akumenyeni. Viza ya au pair umakapempha wekha ku ofesi ya kazembe, ndi nkhope yako.

Kontirakiti ili kuti, ndipo ikuti chiyani za maola, tsiku lopuma ndi kuthetsa mgwirizano? Iwerengeni muli kuno, osati pabwalo la ndege. Ngati ili m'chilankhulo chomwe simukumva, musasaine.

Ejentiyo ali ndi ofesi? Unduna wa Zantchito ukumudziwa? Ofesi ya zantchito ili m'boma la Dowa momwe muno, ndipo thiransipoti yopitira kumeneko ndi yochepa kuyerekeza ndi zomwe mungataye. Munthu amene ali ndi nambala ya foni yokha, mawa akazimitsa mudzamupeza kuti?

Pasipoti azisunga ndani? Yankho ndi limodzi basi: inuyo. Jambulani tsamba lake, la viza ndi la kontirakiti, musiyire abale awiri kunyumba. Loweza pamtima nambala imodzi ya kumudzi, chifukwa foni imalandidwa. Ndipo funsani kuti tikiti yobwerera agula ndani zinthu zikavuta.

Chomaliza n'chovuta kwa ife Achewa: chinsinsi. Timakonda kubisa ulendo poopa kuti ansanje atitchinga mwayi, ndipo maejenti abodza amachidziwa chimenechi, n'chifukwa chake amati musauze munthu mpaka mutanyamuka. Simukuyenera kulengeza pa msika, koma amalume, mayi anu ndi munthu mmodzi wodziwa kuwerenga zikalata adziwe zonse.

Nanga a boma ndi ife tomwe?

Malawi ali ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015. Wopezeka wolakwa atha kukhala kundende mpaka zaka 14, ngati wazembetsa mwana mpaka zaka 21, ndipo pamilandu yoopsa kwambiri moyo wake wonse. Lamuloli limagwiranso amene anakopa munthu ndi bodza, ngakhale munthuyo anakwera ndege mwa kufuna kwake. Choncho amene wabwera atazunzika asadzione ngati chitsiru. Ali ndi mlandu woti akanene kupolisi, ndipo ife tisamuseke pa chitsime kuti wabwera chimanjamanja. Kuseka kumeneko n'komwe kumatseka pakamwa anthu omwe akanachenjeza anzawo.

Kwa a boma pempho langa ndi losavuta. Mndandanda wa maejenti ovomerezeka uzipezeka poyera: pa Facebook, pa wailesi, pakhoma la ofesi ya DC, ngakhale pa msika wa Chezi pano, kuti mtsikana wa m'mudzi athe kuyang'ana dzina pa mphindi ziwiri. Kuwononga $160,000 powombola anthu n'kokwera mtengo kuposa kuwachenjeza. Agogo athu anapita ku Theba ndi ku Wenela boma likudziwa, koma ena mpaka lero akulondolabe ndalama zawo. Kutumiza anthu kunja popanda wowayang'anira kumeneko tinakuyesa kale.

Ndipo inu ma admin a magulupu athuwa, musanalole kuti positi ya ntchito zakunja izungulire, mufunseni woitumizayo mafunso ali pamwambawa pagulu pomwepo. Wachilungamo ayankha, wabodza atuluka yekha. Amene mukufunadi kupita, yambani ndi zomwe palibe angakulandeni: phunzirani chilankhulo, konzani pasipoti yanu nokha, werengani malamulo pa tsamba la kazembe wa dzikolo. Zitenga miyezi, inde. Koma wopita mwa njira imeneyi amadziwa pomwe pali khomo, ndipo kiyi wake amakhala m'thumba mwake.