Bokosi la mabuku likhale pambali pa bokosi la banki m'khonde

Achemwali, tikambiraneko za makalabu owerenga mabuku. Kuno m'tauni afika ponyadira. Timasankha buku la mwezi pa WhatsApp, Loweruka tikumana penapake pali tiyi ndi keke, zithunzi pa Instagram, basi. Palibe cholakwika, inenso ndimazikonda. Koma kwerani minibasi ya ku Chileka, kapena ya pa M1 mudutse Lunzu mpaka mutsike pa Lirangwe, mufunse mtsikana wa Fomu 2 kuti buku lomaliza lomwe anawerenga mongosangalala, osati la mayeso, linali liti. Boma lake ndi lomweli la Blantyre, koma yankho lake likusowetsani mtendere.

Anthu amathamangira kunena kuti Amalawi sitikonda kuwerenga. Mawu amenewa amanditopetsa. Amaimba mlandu munthu yemwe sanapatsidwepo buku, nthawi, ngakhale malo okhala n'kuwerenga.

National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, likulu lake lili ku Lilongwe ndipo mu mzinda wa Blantyre muli nthambi yake. Koma kwa mtsikana wa ku Lirangwe, laibulale ya m'tauni ndi thiransipoti yopita ndi yobwerera, ndi tsiku lathunthu, ndiponso chilolezo cha makolo omwe afunse kuti ku tauni ukukatani wekhawekha. Mabuku omwe amafika m'sukulu zambiri zakumudzi amathera m'kabati ya mu ofesi ya ahedi, yokhoma, poopa kuti ana awang'amba.

Nkhani ya William Kamkwamba tonse timaidziwa. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kuyamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe ku Kasungu. Kumeneko anapeza buku la Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina amphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Mu 2019 nkhaniyi inafika mpaka pa Netflix. Timaifotokoza ngati umboni wa mphamvu ya laibulale, ndipo n'zoona. Koma pali china chomwe mnyamatayu anali nacho chimene sititchula: masana. Anali ndi maola oti n'kukhala pansi, kuyang'ana zithunzi za m'buku, kukatolatola zitsulo, kulephera, kuyambiranso. Tsono ganizirani mtsikana wa zaka 14 yemwe wasiya sukulu chaka cha njala. Masana ake ali ku mjigo, ku nkhuni, ku chigayo, ku ganyu, mwana wa mayi ake ali kumsana. Mwinanso akulu ayamba kale kunong'onezana za mwamuna woti amutenge. Laibulale yotsegula m'mawa n'kutseka dzuwa lisanalowe inapangidwira munthu yemwe nthawi ndi yake. Kumudzi munthu ameneyo si mtsikana, si mayi.

Ndiye maganizo anga ndi awa: tisadikire kuti amayi ndi atsikana a ku Chileka ndi ku Lirangwe apeze nthawi yopita kumene kuli mabuku. Mabuku apite kumene amayiwo amakumana kale. Ndipo malo amenewo alipo, ndi banki m'khonde.

Taganizani bwino momwe gulu la banki m'khonde limayendera. Amakumana tsiku lodziwika sabata iliyonse. Ali ndi wapampando, mlembi, msungichuma. Ali ndi kaundula, wochedwa amalipira chindapusa, wobwereka amalembedwa dzina ndi tsiku lobweza. Magulu ambiri bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero kwathu kuno yalowerera mpaka amuna ambiri sakanizanso akazi awo kupitako, poti kumapeto kwa chaka kumabwera ndalama ya feteleza. Eti amayi omwe amabwereketsana ndalama zambirimbiri n'kumabwezerana ndi chiwongoladzanja angalephere kusamala mabuku 30? Luso lonse loyendetsera laibulale ali nalo kale. Chosowa ndi bokosi lachiwiri.

Wina anena kuti ambiri mwa amayiwo sadziwa kuwerenga. Inde, kalembera wa 2018 anaonetsa kuti akazi tidakali m'mbuyo poyerekeza ndi amuna pa nkhani yodziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo kumudzi mpatawo umaonekera kwambiri. Koma kalabu si mayeso. Mmodzi awerenge mokweza, ena amvetsere, kenako mkangano uyambike. Wowerengayo atha kukhala mwana wa mmodzi wa iwo wa ku CDSS, ndipo mphindi 20 zimenezo zimuchotsa pa mtondo n'kumuika pakati pa akuluakulu akumumvetsera. Amene anaphunzira pansi pa maphunziro aulere a ku pulayimale kuyambira 1994 ndi amayi tsopano. Ambiri zilembo amazidziwa, anangosowa choti aziwerenga mpaka luso linachita dzimbiri.

Nanga m'bokosimo mukhale chiyani? Apa ndi pomwe ndimakangana ndi mabungwe. Chilichonse cholembedwa chomwe chimafika kwa mayi wakumudzi chimakhala chomulangiza: sambani m'manja, lerani, gonani m'neti. Ngati kuti iye safuna kuseka, kapena kukwiya ndi munthu wa m'nthano, kapena kumva nkhani ya chikondi. Muikemo nthano ndi mabuku a nkhani m'Chichewa. Ndipo mukapita kukawagula muona vuto lina. Tchulani alembi a mabuku a Chichewa omwe tinakula nawo: Samuel Ntara, John Gwengwe, Ezra Chadza, Willie Zingani. Abambo okhaokha. Walije Gondwe, yemwe buku lake Love's Dilemma linatuluka mu 1985, analemba m'Chingerezi. Upile Chisala, yemwe timamugawana pa masitetasi, amalemba m'Chingerezi. Ife olemba ndakatulo pa Facebook, funso limeneli ndi lathu, koma tidzalikamba tsiku lina.

Pambali pa nthanozo mukhale malamulo, omasuliridwa m'Chichewa chomveka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Lamulo la 2006 limateteza ku nkhanza za m'banja. Kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana yemwe wabereka kubwerera ku sukulu. Zonsezi zilipo pa pepala, ndipo ife timazitchula m'ma workshop a m'mahotela. Mayi yemwe achibale a malemu mwamuna wake abwera kudzasasula malata amafunika kuti anazimvapo kale, zikuwerengedwa mokweza, pamaso pa anzake 20 omwe adzaime naye pakhomo tsiku limenelo.

Mabuku ena adzasowa, ena adzang'ambika, lina mwana adzalithira phala. Zichitike. Chindapusa cha gulu chidzagula lina.

Kwa ife a makalabu a m'tauni, chonde tisasandutse Lirangwe kotayirako mabuku akale a ku koleji. Aliyense wa ife ali ndi azakhali, apongozi kapena mayi wogulitsa tomato yemwe ali m'gulu la banki m'khonde ku Chileka kapena ku Lunzu. Yambani ndi kumufunsa ngati gulu lake lingafune bokosi lotere, ndi zomwe lingakonde kumva. Akavomera, ndalama ya keke ya mwezi umodzi igule mabuku a Chichewa. Kenako tilembere a National Library Service ndi khonsolo ya boma la Blantyre, tiwafunse kuti angabwereketse bwanji mabuku ku gulu lomwe lili kale ndi kaundula ndi msungichuma. Amene muli ndi gulu lomwe mukuliganizira, tiuzeni dera lake m'makomenti.