KODI MAGAZI A WANCHITO NDI A ABWANA?

Kuno ku Misisi munthu akamva kuti nchito yapezeka, kaya ya ulonda kaya ya m'nyumba, sacedwa. Abwana akati kapimitse magazi, amapita mothamanga, osafunsa kanthu.

Koma tikumbukire mlandu wa ku Livingstone. Anchito awiri a Zambia Air Force anapimidwa HIV osauzidwa, ndipo mu 2002 anacotsedwa nchito. Mu 2010 khoti lalikulu linagamula kuti kupima kotero kunaphwanya ufulu wao, ndipo aliyense anapatsidwa K10 miliyoni ya ndalama zakale. Nchito yokha sinabwerere.

Lero magazi omwewo amaululanso zotengera kwa makolo, monga sickle cell. Wotengera mbeu yake kwa kholo limodzi kawirikawiri sadwala, amalima ndi kunyamula bwinobwino. Koma bwana wosadziwa angamukane. Ku America anakhazikitsa lamulo loletsa tsankho lotere mu 2008. Kwathu, Data Protection Act ya 2021 imaika za cibadwa m'gulu la zinsinsi zotetezedwa kwambiri.

Abale, kupimitsa nkwabwino, makamaka musanamange ukwati. Koma pa nchito funsani: akupima ciani, nanga pepalalo asunga ndani? Ndidziwa kuti nkovuta, poti pa geti pali ena ambiri odikira malo omwewo.