Mulungu Sawerenga Khadi

Anzanga ena pano pa Chirunga akhala akundifunsa chifukwa chimene ndinalekera kupita ku mapemphero Lamulungu m'mawa. Ena afika polemba timakalata ndi kutilowetsa kunsi kwa chitseko changa, kundichenjeza kuti maphunziro andizunguza mutu. Wina anachita kundiimitsa pakhomo pa laibulale, nandigwira dzanja, ati andipempherere kuti chiwanda cha filosofi chituluke. Ndathokoza nonse chifukwa cha nkhawa yanu. Koma popeza mlanduwu mwandizenga poyera, ndiloleni ndiyankhenso poyera. Yesu sindinamutaye ayi. Chimene ndataya ndi mantha amene ndinali nawo pa anthu osunga kaundula m'dzina lake.

Agogo anga aakazi ndiwo anandilera bambo atamwalira. Sukulu sanapite nayo patali, koma Buku Lopatulika ankaliwerenga chala chili pamzere, liwu limodzilimodzi, mpaka chikuto chake chinang'ambika ndipo anachisoka ndi kansalu ka chitenje. Tambala woyamba akalira ndinkawamva akupemphera, kutchula mayina athu mmodzimmodzi, osasiya ngakhale a anthu amene anawalanda dimba. Nditasankhidwa kupita ku sekondale, fizi inalibe kochokera, pakuti mbuzi zonse zinathera pa matenda a bambo. Agogo anagula madeya ndi shuga, nayamba kutcheza kachasu kuseri kwa nkhokwe. Velemoti iliyonse inasanduka kope, sopo kapena kachigawo ka fizi. Ine amene ndikulemba pano, amene mumandiona ndikukangana nanu za Plato, ndinafika kuno pa utsi wa kachasu ameneyo.

Akulu a mpingo anamva. Anawaitana ku bwalo, nawaimika kutsogolo ngati mwana wakuba mango, ndipo anawadula ndi kuwalanda khadi. Agogo sanakane mlandu. Anangopempha kuti awapirire mpaka mdzukulu alembe mayeso a Fomu 4. Mwa akulu onse amene anali pamenepo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti fiziyo ndi ndalama zingati. Komabe Lamulungu lililonse agogo ankapita kutchalitchi, kukakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo tsiku la Mgonero ankatuluka limodzi ndi ana. Nditamaliza sekondale anaphwanya mtsuko wotchezera, napita kukapempha kubwerera. Anauzidwa kuti alowenso kalasi ndi kubweza zopereka zonse zimene zinatsalira. Imfa inawapeza asanamalize kubweza.

Tinatumiza mthenga kwa mkulu wa dera lathu. Yankho linabwera dzuwa lisanalowe: dzina lawo mulibe m'kaundula, choncho mpingo sungayimbe. Anzanga, kodi munayamba mwagonapo pa maliro opanda nyimbo? Usiku umatalika kawiri. Amayi amene anayimba nawo kwaya kwa zaka zambiri anabwera atasiya yunifolomu kunyumba, nakhala m'siwa ali chete, poopa kuti nawonso angaitanidwe ku bwalo. Pakati pa usiku, nkhalamba ina imene sinapondepo m'tchalitchi chiyambire ubwana wanga inayambitsa chapansipansi nyimbo imene agogo ankaikonda. Amayi aja anavomera monong'ona, maso ali kukhomo, ngati akuba. M'mawa manda anakumba ndi adzukulu, anyamata a kudambwe amene paguwa amatchedwa akunja. Iwo sanafunse khadi.

Patangopita miyezi itatu anamwalira mkulu wina wa pamsika wathu, mwini golosale amene ankagulitsa mowa wa m'mabotolo makireti ndi makireti, amenenso mudzi wonse unkadziwa khomo lake lachiwiri. Iyeyu anagulira tchalitchi malata. Pa maliro ake panali abusa anayi, makwaya atatu ndi nkhata zosawerengeka, ndipo tinauzidwa kuti wagwa mzati wa mpingo.

Musandimve molakwa. Sindikuikira kumbuyo kachasu, pakuti ndaona amuna amene wawatupitsa masaya ndi kuwalowetsa m'manda ana akadali aang'ono. Agogo nawonso ankadziwa zimenezi, ndipo ndinawaonapo akulira pamene ankatsira madzi pa paipi yotchezera. Chimene ndikukana ndi ukonde umene umagwira matemba n'kusiya ng'ona ikusambira. Ngati mowa ndi tchimo, bwanji umaleka kukhala tchimo ukalowa m'botolo la chizindikiro? Ngati khadi ndilo chiphaso cha kumwamba, nanga mbala ija imene inapachikidwa pambali pa Yesu inalowa kalasi liti, ndipo inabweza zopereka za miyezi ingati?

Werengani nokha, poti nonse muli nalo buku. Pa Marko 12 Yesu akhala moyang'anana ndi mosungira zopereka, ndipo amene akumuyamikira si olemera oponya zambiri koma mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri. Pa Luka 18 amene abwerera kwawo atalandiridwa ndi wamsonkho woima patali, osati Mfarisi wowerengera Mulungu chakhumi chake. Pa Yohane 4 mayi wa ku Samariya afunsa za malo oyenera kupembedzerapo, ndipo Yesu achotsa nkhaniyo pa phiri ndi pa kachisi n'kuiika mumtima. Ndiponso musaiwale kuti Yesu mwiniyo anaweruzidwa ndi bwalo la akulu a chipembedzo, ndipo pa maliro ake panalibe mkulu wa ansembe kapena kwaya. Anamuika m'manda ndi Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo, amene ankamutsatira mobisa, amayi angapo akuonerera chapatali. Agogo anga anaikidwa monga anaikidwira Mbuye wawo.

Ena mudzati ichi ndi cholakwa cha akulu a kumudzi osaphunzira, osati cha mpingo. Tiyeni titsegule mbiri yathu. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, ndipo pasanathe zaka zinayi amishoni anali atadzisandutsa oweruza, kukwapula anthu, wina mpaka kufa, ndi kuwombera wina amene anamuganizira kuti anapha munthu. Nkhaniyi inaululika ku Britain mu 1880 pamene mlendo wina, Andrew Chirnside, anailemba m'kabuku, ndipo mu 1881 mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, anachotsedwa. Kumpoto, mishoni ya Livingstonia inkasunga anthu m'makalasi zaka zingapo asanabatizidwe. Elliot Kamwana atabwera mu 1908 ndi kuyamba kubatiza popanda kudikiritsa, Atonga oposa 9,000 anathamangira kwa iye m'miyezi yochepa, mpaka boma la atsamunda linamuthamangitsa m'dziko mu 1909. Anthu amenewo sankathawa Yesu, ankathawa mzere wautali wa pakhomo pake. Mu 1933 mbusa Yesaya Zerenji Mwasi, amene anaphunzira ku Livingstonia komweko, anatuluka nayamba mpingo wakewake atatopa ndi kulamulidwa ngati mwana. Nthendayi si ya kumudzi kwathu kokha, ndipo si ya dzulo.

Za khadi, ife Amalawi tiyenera kuzidziwa kuposa wina aliyense. M'nthawi ya chipani chimodzi munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani. A Mboni za Yehova anakana kuligula. Mu 1967 analetsedwa, ndipo m'zaka zotsatira anamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, ambiri nathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ine sindine wa Mboni ndipo ziphunzitso zawo sindigwirizana nazo. Koma ndifunse: pamene anthuwa ankazunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndi maguwa angati amene anawalankhulira mokweza? Maguwa ambiri anali otanganidwa ndi kupempherera amene ankagwira ndodo. Dziko linataya khadi la pamsika, koma ife tasunga khadi la pamanda. Martin Luther anadzudzula mu 1517 malonda a zikalata za chikhululukiro. Lero ana a Luther ndi Calvin akufunsa risiti mtembo uli m'nyumba.

Tsono kuti ndisakhale wabodza, ndinene zimene mpingo unachita bwino, pakuti ukadzudzula mfumu uzinenanso mlatho umene inamanga. Buku limene agogo ankawerenga linatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922, ntchito ya William Murray pamodzi ndi aphunzitsi achikuda amene mayina awo satchulidwa kawirikawiri. Popanda mpingo agogo sakadamuwerenga Yesu m'chilankhulo chawo, ndipo ine sindikadakhala ndi chida chodzudzulira mpingowo. Zipatala za ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Malosa zapulumutsa anthu osawerengeka. Ndipo pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, kunena poyera zimene dziko lonse linkanong'ona. Ophunzira a pasukulu ino anayenda mumsewu wa Zomba kuikira kumbuyo kalatayo, sukulu inatsekedwa, Monsignor John Roche anapitikitsidwa m'dziko, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Munthu wopemphera yekha m'chipinda sakadagwedeza boma chotero. Mutu umodzi susenza denga, ndikuvomera.

Koma taonani chimene chinapatsa kalatayo mphamvu. Tsiku limenelo mpingo unaika pachiswe nyumba zake, masukulu ake ndi miyoyo ya atsogoleri ake chifukwa cha anthu osauka ndi omangidwa popanda mlandu. Unakhala mpingo weniweni chifukwa unaiwala kudziteteza. Pa maliro a agogo unachita zosiyana: unateteza kaundula n'kutaya munthu. Ndiye musanditchulire 1992 ngati chishango cha akulu amene anakana kuyimba. Kalata ija ndiyo ikuwatsutsa.

Anzanga ena a kuno andiuza kuti vuto langa ndi mipingo yakale, yozizira, ndipo andiitanira kwa mneneri wawo kumene kuli moto. Ndinapitako kamodzi. Ndinapeza madzi ndi mafuta odzozedwa ali pamtengo, mipando ya kutsogolo ili ya ofesa mbewu yaikulu, ndipo wofuna kuonana ndi munthu wa Mulungu payekha ayambe walipira. Ophunzira amene amadya kamodzi patsiku ankaponya ndalama ya chakudya kuti akhoze mayeso. Kumudzi khadi amalifunsa munthu atafa, kumeneko amalifunsa akadali moyo. Ndinabwerako ndili ndi chisoni choposa chimene ndinapita nacho.

Mudzanditchulira Aheberi 10, pamene pakuletsa kuleka kusonkhana. Ndapawerenga, ndipo ndime yomweyo ikunena chifukwa chosonkhanira: kulimbikitsana pa chikondi ndi ntchito zabwino. Msonkhano wotero ndinauona usiku uja m'siwa, pamene nkhalamba yopanda mpingo inayambitsa nyimbo. Ndimauonanso kuno, pamene anyamata atatu a pa hositelo yathu amagawana nsima imodzi ndi mnzawo amene ngongole ya boma inamudumpha, kenaka n'kupemphera naye popanda mbale ya chopereka. Sindinathawe abale. Ndathawa bwalo limene limadziyesa mwini wa Mulungu.

Ndikudziwanso ngozi ya njira imene ndatenga. Munthu wopemphera yekha sachedwa kudzipangira Mulungu wofanana naye, wokonda zimene iye akonda ndi kudana ndi amene iye adana nawo. Usiku wina ndimadzifunsa ngati chimene ndikuchitcha chikhulupiriro si mkwiyo chabe umene wavala jekete la Lamulungu. Agogo analibe mkwiyo umenewu. Anthu amene anawadula ankawapempherera ndi mayina. Ine sindinafikepo pamenepo, ndipo mwina ichi ndicho tchimo langa lenileni, loposa kujomba ku mapemphero. Koma tchimo langa silisandutsa choipa chija kukhala chabwino.

Ambiri a inu mawa mudzakhala akulu a mipingo, asungichuma ndi alembi a mabwalo, pakuti mpingo umakonda munthu wa digiri. Kwa inu ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, musadzamane munthu nyimbo pa maliro, pakuti wakufa samva chilango, amene mumalanga ndi ana amasiye otsala. Chachiwiri, musanadule mayi wotcheza kachasu, mudzayambe mwafunsa chimene chamufikitsa pamenepo, ndipo ngati ndi fizi, mudzatsegule thumba la mpingo musanatsegule kaundula. Chachitatu, buku la zopereka ndi buku la mamembala zisadzakhale m'dzanja limodzi. Ngati zimenezi ndi mpatuko, ndilembeni pa mndandanda wa ampatuko.

Tchuthi chapitachi mayi anga anandikhazika pakhonde, nati: "Mwanawe, ukafa lero adzakuyimbira ndani? Usandichititse manyazi kawiri." Ndinasowa chowayankha, pakuti mantha awo ndi oona, ndipo ndi mantha omwewo amene amadzaza mabenchi ambiri Lamulungu. Anthu akulipira chopereka ngati inshuwalansi ya maliro. Ndinangolowa m'nyumba, ndinatenga buku la agogo la chikuto cha chitenje, ndi kuwawerengera pamene panali chizindikiro chawo chomaliza, nkhani ya mwana wolowerera, amene bambo wake anamuthamangira akadali patali asanamve n'komwe kupepesa kwake. Mayi analira, koma sanasinthe maganizo, ndipo inenso sindinasinthe.

Bukulo ndili nalo kuno, m'chipinda changa. Amene mumalowetsa timakalata kunsi kwa chitseko, ulendo wina mudzagogode. Tidzawerengere limodzi, ndipo mukapeza tsamba limene Yesu anafunsa khadi, mudzandionetse. Lamulungu lotsatira mudzandipeza pa benchi ya kutsogolo.