Musanatenge ngongole ya galimoto, yang'anani kumbuyo kwake

Sabata yatha kusukulu kwathu kunali mkangano. Mnzathu wina watenga ngongole yogulira Corolla, ndipo mtima wake uli pa saluni chifukwa akuti ndiyo imapatsa ulemu. Ine ndinati agule wagoni. Anandiseka, ndiye ndati ndilembe pano.

Toyota Corolla inatuluka ku Japan mu 1966, kagalimoto ka zitseko ziwiri ka injini ya 1100cc. Posakhalitsa kunabwera ya zitseko zinayi ndi wagoni, kenako coupe ndi hatchback. Mu 2000 wagoni ya ku Japan inapatsidwa dzina loti Fielder, mu 2006 saluni inakhala Axio, ndipo pofika 2021 ma Corolla ogulitsidwa anapitirira 50 miliyoni. Dzina ndi limodzi koma matupi ndi ambiri, chifukwa mabanja amasiyana zosowa.

Nanga banja la mphunzitsi kuno ku Kapichira limasowa chiyani? Galimoto yathu sinyamula bambo, mayi ndi ana awiri basi ayi. Imanyamula matumba a chimanga, masutikesi a ana opita ku boarding, nthawi zina ngakhale mbuzi. Ine ndinali ndi saluni. Tsiku lina apongozi anga atadwalika, tinakwera nawo mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre atapindika pampando wakumbuyo, akubuula pakona iliyonse. Ikanakhala wagoni, tikanapinda mipando n'kuyala matiresi kuti agone bwinobwino. Ulemu wa saluni sunandithandize usiku umenewo.

Ndikuvomereza, wagoni ili ndi mavuto ake. Ukakhala nayo, maliro alionse m'mudzi amagogoda pakhomo pako, ndipo anthu amafuna uyidzaze ngati lole mpaka masipuling'i kutha. Komanso kaya saluni kaya wagoni, zonse ndi zam'munsi. Amene munaona misewu yathu namondwe Ana atadutsa mu 2022 mukudziwa kuti pena pamafunika kungoyisiya pakhomo.

Komabe ngongole imeneyi muzidulidwa pamalipiro zaka zingapo. Injini nthawi zambiri imakhala yofanana, masipeya mukawapeza ku Limbe komweko, ndipo amakaniko a ku Dyeratu ndi ku Nchalo amayidziwa. Chosiyana ndi malo a kumbuyoko. Musanasaine, tsegulani buti, muganizire zimene munanyamula pa kabaza chaka chathachi, kenako musankhe.

Achimwene a saluni aja, ndikudikira yankho lanu Lolemba pa tiyi.