Nyumba ya Zakale Si ya Ana Okha

Ndidakulira mu Lilongwe. Misewu ya ku Old Town ndimayidziwa ngati chikhatho changa, ndipo ku City Centre ndakhala ndikupitako kukawerenga ku National Library kuyambira ndili ku sekondale. Komabe ndidafika zaka 22 ndisadapondeko m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zachilengedwe. Ndinkayesa kuti malo otere ndi a ana a ku pulayimale, ovala yunifolomu, oyenda pamzere uku aphunzitsi akuwakalipira kuti asagwire kanthu. Maganizo amenewa adasintha nditapita ku Karonga pa tchuthi, ndipo lero ndikufuna kutsutsa anzanga amene akadali nawo.

Ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba imene idatsekulidwa mu 2004, mlendo amalandiridwa ndi chithunzithunzi cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chodya masamba, cha khosi ndi mchira wautali, chimene chidakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mafupa ake oyamba adatoledwa m'boma lomwelo m'zaka za m'ma 1920 ndi katswiri wa miyala Frank Dixey, ndipo dzina lakuti Malawisaurus lidaperekedwa mu 1993. M'gulu la akatswiri amene adalipereka mudali Mmalawi, mayi Elizabeth Gomani, amenenso mu 2005 adatcha chinyama china dzina lakuti Karongasaurus. Komweko ndidamvanso za chibwano chimene chidapezeka ku Uraha mu 1991, cha mtundu wa Homo rudolfensis, chimene akatswiri akuti chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Ndikadapitako ndili mwana, ndikadangodabwa kukula kwa mafupawo, n'kuthamangira kunja kukagula zitumbuwa. Koma munthu wamkulu amalowa m'nyumba yotere atasenza zimene amakhulupirira kale. Ine ndidaima nthawi yaitali ndikulimbana ndi nambala imene ija ya 2.4 miliyoni, poiyerekeza ndi zimene ndidaphunzira ku Sande sukulu. Sindidatulukemo nditataya chikhulupiriro changa, koma ndidatuluka ndi mafunso amene palibe mphunzitsi adandipatsapo. Ichi ndicho chifukwa choyamba chimene ndikunenera kuti akuluakulu ndiwo amapindula kwambiri: mwana amangoona, wamkulu amayerekeza ndi kufunsa.

Chifukwa chachiwiri chikukhudza ife ophunzira zilankhulo. Nditabwerera, azakhali anga adandifunsa zimene ndidakaona. Apa mpamene lilime lidandilemera. Ndikanati chibuluzi, monga dzina la Chigiriki limanenera, ndikanawanamiza, pakuti chinyamacho sichidali buluzi. Nditayesayesa ndidati, "Zakhali, ndaona mafupa osanduka mwala." Iwo adamva nthawi yomweyo, ndipo adafunsa kuti fupa lingasanduke bwanji mwala. Ndidawafotokozera kuti likakwiririka m'matope, madzi amalowetsamo mchere wa m'nthaka pang'onopang'ono mpaka limauma gwa. Tsiku limenelo ndidazindikira kuti Chichewa sichilephera kunyamula sayansi. Ndife amene sitichipatsa katunduyo. Ndipotu asayansi a dziko lonse amatchula nsomba za m'nyanja yathu kuti mbuna ndi utaka, mawu amene adabwereka kwa asodzi athu. Ngati iwo adabwereka kwa ife, tikuchitiranji manyazi kufotokozera makolo athu m'chilankhulo chawo?

Chondiwawa n'chakuti zonsezi ndidakaziona makilomita pafupifupi 600 kuchokera kwathu. Lilongwe wakhala likulu la dziko kuyambira mu 1975. Tili ndi chiliza cha Kamuzu, nyumba ya malamulo, chipilala chokumbukira asilikali ku Area 18, komanso Lilongwe Wildlife Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene munthu amaona nyama zamoyo. Koma wofuna kuona mbiri ya nthaka, miyala ndi zamoyo za dziko lino pansi pa denga limodzi ayenera kukwera basi ya ku Chichiri mu Blantyre, ya ku Mangochi kapena ya ku Karonga. Ana a ku Area 10 ndi Area 43 makolo awo angathe kuwatengera kutaliko, ena mpaka ku London. Nanga mwana wa mayi wogulitsa tomato mumsika wa ku Old Town adzaziona liti?

Ndikudziwa zimene ena anganene: zipatala zikusowa mankhwala, nanga mafupa akale tidya? Funsoli ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Koma sindikupempha chinyumba chosanja. Chipinda chimodzi chachikulu chingakwane poyambira, chokhala ndi mafupa oumbidwa mofanizira enieniwo, zitsanzo za miyala, nsomba ndi mbewu zathu, zithunzi za zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu Dedza zimene UNESCO idazindikira mu 2006, ndiponso mawu ofotokozera olembedwa m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao pambali pa Chingerezi. Ntchito yolemba mawuwo ndi yathu ife a m'dipatimenti ino, ndipo sifuna ndalama zambiri. Kuwonjezera apo, dokotala amene tikumufuna m'chipatalamo amayamba ngati mwana amene adaona chinthu n'kufunsa kuti chidakhala bwanji chonchi.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine ndidachita mwayi wotuluka m'dziwe langa, ngakhale mochedwa. Pempho langa kwa ophunzira anzanga ndi lakuti mukadutsa ku Blantyre, ku Mangochi, ku Mua kapena ku Karonga, patukani, lowani, ndipo musachite manyazi kuima pakati pa ana a sukulu. Mukatuluka, yesani kufotokozera agogo anu zimene mwaona popanda liwu limodzi la Chingerezi. Mukapeza mawu abwino kuposa anga aja a mafupa osanduka mwala, mudzatibweretsere m'kalasi tidzawakambirane.