Chibangili cha GPS mudzachimanga pa mwendo wa yani?

Boma la Mozambique lanena kangapo kuti likufuna kuyamba kuveka akaidi ena zibangili zamagetsi, zimene ku Maputo amazitcha pulseira electrónica. Pali anthu amene akamva zimenezi mtima umakhala pansi. Amati basi, zigawenga zogwirira ndi kuba atsikana ziyamba kuoneka pa kompyuta usana ndi usiku, ana athu a ku Tsangano ndi ku Macanga aziyenda mopanda mantha. Ine chibangilicho sindidana nacho. Mwamuna amene anagwirirapo mwana mvekeni, ngakhale ziwiri, mwendo uno ndi uwo. Koma tisanayambe nthungululu, wina andiyankhe: kuno kwathu chibangilicho mudzachimanga pa mwendo wa yani?

Kachipangizoka amakamangirira pa kakolo. Kamamva kumene munthu ali kudzera ku masetilaiti a GPS, n'kutumiza uthengawo pa netiweki ya foni kwa anthu amene akhala pa kompyuta kulikulu. Wovalayo akayandikira malo amene khoti linamuletsa, kapena akadula lamba, alamu imalira. Ntchito yake yathera pomwepo. Sikagwira munthu, sikathamanga, ndipo batire yake imafuna kutchaja pafupipafupi. Chachikulu n'chakuti amaveka munthu amene dzina lake lafika kale kukhoti.

Tsono anthu amene amaba atsikana kuno, angati anaonako khomo la khoti?

Ndani wa ife sadziwa mmene zimathera? Mtsikana wa zaka 14 watumidwa kuchigayo, dzuwa lalowa sanabwere. Mayi ake azungulira mudzi wonse, afunsa kwa anzake a kusukulu, afunsa anyamata a njinga zamoto pa siteji. Pakutha pa masiku angapo uthenga ufika: musavutike n'kufunafuna, mwana ali kwathu. Wamutenga ndi bambo wandevu zake, amene wangogulitsa fodya kapena matumba a mbatatesi, ndalama zikumuyabwa m'thumba. Kenako mphasa ziyalidwa kwa anyakwawa. Amalume akhala uku, a kuchimuna uko. Mawu oti "kuba" kapena "kugwirira" satuluka pakamwa pa aliyense. Amati mnyamata wathawitsa mkazi, walakwira makolo, apepese. Atchula mbuzi, atchula ndalama, akanganako pang'ono za mtengo, agwirizana. "Zapachibale izi, tisazitengere kuboma." Mwana mwiniwake wakhala kumbuyo kwa azimayi, wafunda chitenje kumutu, palibe amene wamufunsa kanthu. Madzulo abwerera ndi yemwe anamubayo, tsopano akutchedwa mkazi wake.

Ameneyo ndiye wakuba atsikana wa kuno. Savala chigoba kumaso ndipo sayenda ndi mfuti. Timapemphera naye, timamwa naye, pamaliro amakumba nawo manda. Polisi ilibe dzina lake chifukwa ife eni mudzi tinalibisa, ndipo amene tinalandira mbuzi ija tinadya nawo mlanduwo.

Lamulo lilipo, wina asatinamize. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo ku Maputo inakhazikitsa Lei 19/2019 yoletsa maukwati a ana. Munthu wamkulu wokwatira mwana wosakwana zaka 18 ayenera kukhala kundende zaka 8 mpaka 12, ndipo makolo ndi atsogoleri ololeza zimenezi nawonso ali ndi chilango chawo. Lei 29/2009 imalanga nkhanza za m'banja, Lei 6/2008 imalanga ozembetsa anthu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'dziko muno, 48 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo 14 asanakwane n'komwe zaka 15. Anthu ochuluka chonchi, amuna awo ali kuti? Akanakhala kuti lamulo likuluma, ndende ya ku Tete ikanasefukira ndi achidyamakanda. M'malo mwake ali pamsika, akuwerenga ndalama.

Tiyerekeze kuti mmodzi wagwidwa, waweruzidwa, wavekedwa chibangili, wabwerera kumudzi kwake kuseri kwa Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame. Azikatchaja kuti? Kwa mnyamata wa sola pa golosale, pamzere umodzi ndi mafoni? Netiweki ya Movitel kapena Vodacom ikathawa m'zigwa zathuzi, munthu amachita kukwera chulu kuti aimbe foni. Kodi chigawenga chidzakwera chulu kuti boma lichione? Ndipo tisaiwale kuti pambuyo pa zisankho za Okutobala 2024 intaneti ya m'mafoni inkadulidwa m'dziko lonse. Amene akufuna kuteteza mwana wanga ndi netiweki ayambe walonjeza kuti sadzaizimitsa ndale zikatentha.

Nanga malire? Pa Biriwiri munthu amaoloka msewu, wafika ku Malawi. Pa Tsangano Turn-off kwacha ndi metical zimayendera limodzi, ndipo ambiri a m'malire muno ali ndi simukhadi ya TNM kapena Airtel m'thumba. Macanga nayo inagundana ndi Malawi chakumpoto. Wovala chibangili akakweza mtsikana pa njinga yamoto m'mawa, masana ali ku Ntcheu kapena ku Dedza, kumene wapolisi wa ku Mozambique alibe mphamvu yomanga munthu. Amene akuganiza kuti malire athu ndi olondedwa akumbukire Malichi 2020, pamene anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya lole m'chigawo chino cha Tete, lole imene inachokera ku Malawi. Ngati kontena yodzaza anthu inadutsa, kamtsikana kamodzi pa njinga ndani angakaone?

Kumene zibangilizi zimagwira ntchito, pali anthu ambiri kumbuyo kwake. Ku Spain anayamba mu 2009 kuveka amuna ankhanza. Mayi woopsezedwayo naye amapatsidwa kachipangizo kake, kamene kamamuchenjeza mwamunayo akayandikira, ndipo pali likulu losagona limene limaimbira apolisi nthawi yomweyo. Belu la pakhosi pa ng'ombe limathandiza ngati mbusa ali pafupi ndipo ali maso. Ngakhale kumayiko olemera mbusayo amawodzera. South Korea inayamba kuveka ogwirira mu 2008, koma mu Ogasiti 2021 Kang Yun-seong wa ku Seoul anapha mkazi mmodzi chibangili chili pamwendo, n'kuchidula, n'kuphanso wachiwiri. Apolisi anafika pakhomo pake koma sanalowe chifukwa analibe chikalata cha khoti. Kumeneko n'ku Seoul, kumene magetsi sathima ndipo galimoto za polisi zili mbwee. Kuno alamu ikalira pa kompyuta ku Maputo kapena mumzinda wa Tete, nthawi ya dzinja, msewu uli thope lokhalokha, adzanyamuka ndani, pa chiyani? Si zachilendo kumva wodandaula akuuzidwa kuti apezeko mafuta kuti apolisi akagwire munthu.

Ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukasaka maganyu, Uyinene Mrwetyana, mtsikana wa zaka 19 wa pa yunivesite ya Cape Town, anagwiriridwa n'kuphedwa mu Ogasiti 2019 m'positi ofesi. Womuphayo anali wantchito wa pomwepo, ndipo anali ndi mbiri yoti anamangidwapo kale. Kumene anali kunkadziwika tsiku lililonse, pa kauntala ya boma. Chinasowa n'chakuti wina awerenge mbiriyo n'kuchitapo kanthu.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Akuluakulu akamalankhula za pulseira, nkhawa yawo ndi kuthithikana kwa akaidi, osati chitetezo cha mwana wamkazi wa ku Chidzolomondo. Akufuna njira yotulutsira anthu. Ndende zadzazadi, palibe akutsutsa. Koma nthambi yoyang'anira ndende yomweyo imene pa 25 Disembala 2024 inathawitsa akaidi oposa 1,500 pa ndende yaikulu ya ku Maputo ndi imene ikuti tiikhulupirire kuti idzalondera munthu ndi kalamba ka pulasitiki ali pamtunda wa makilomita oposa 1,500. Komanso mawu oti rapto akamveka pa wailesi, amanena za amalonda olemera amene akhala akubedwa ku Maputo, Matola ndi Beira kuyambira 2011. Amenewo nduna zimawachitira misonkhano, nthambi yofufuza milandu ya SERNIC imathamanga. Mwana wa mlimi wa mbatatesi akasowa, nkhani yake safika nayo n'komwe pa tebulo la mkulu wa boma.

Ngati ndalama za zibangili zilipo, yambani mwagula njinga zamoto ndi mafuta a apolisi a ku Tsangano ndi ku Furancungo. Ofesi ya polisi yothandiza mabanja ndi ana, Gabinete de Atendimento à Família e Menores, ikhale ndi wapolisi wamkazi woti mtsikana angamuuze zamumtima, ndipo ifike mpaka kumapositi, isathere kulikulu la boma. Nambala ya 116, imene imagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Malawi komwe, ilembedwe pa khoma la sukulu iliyonse. Apolisi a mbali ziwirizi azipatsana mayina ndi zithunzi za aliyense woweruzidwa pa mlandu wogwirira, kuti wothawa ku Macanga asakapeze ntchito ya ulonda pa sukulu ku Dedza. Inkosi Theresa Kachindamoto, kutsidya komweko, inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuchotsa paudindo mafumu amene ankaloleza, ilibe setilaiti ngakhale imodzi. Zikatero, bweretsani chibangilicho, muveke wogwirira aliyense wotuluka pa belo kapena womaliza chilango, ndipo banja la mtsikana liziuzidwa tsiku limene akutuluka.

Inu anyakwawa ndi inu amalume, mawu anga ali kwa inu. Mwana akabedwa, nkhaniyo si ya pamphasa. Bwezani mbuziyo, tengani mayi wa mwanayo, kalembetseni dzina la munthuyo kupolisi.