Zithunzi mbwee m'foni, chogwira m'manja palibe

Anzanga a mumsika, kaya muli ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Tsoka ku Lilongwe, tandiyankheni: kasitomala akatenga katundu pangongole, mumalemba pati? M'kope. Foni ili m'thumbamo, koma ikafika nkhani ya ndalama simuikhulupirira. Nanga bwanji nkhope ya mwana wanu, ukwati wa mchemwali wanu ndi tsiku lomwe munatsegula okala mwazisiya zonse m'kachipangizo komweko?

Ine ndili ndi kope la hadikava lomwe ndimamatamo zinthu zoti ndizidzakumbukira. Azungu amati scrapbook. Anzanga amandiseka, ati wachinyamata ngati ine ndikuchita za agogo. Asekeni, lumo ndi guluu sindisiya.

Makolo athu ankajambulitsa kwa ojambula oyendayenda aja, kamera ili lende pakhosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo umapereka kaye ya dipoziti n'kudikira masiku kuti akatsuke. Choncho munthu sankajambulitsa chisawawa. Ankasamba, kuvala ya pa Sande, kubwereka ngakhale wailesi yoti anyamule. Zodabwitsa n'zoti kamera yoyamba ya digito anaipanga ndi Steven Sasson mu 1975, ali pantchito ku Kodak, kampani yomwe inkalemera ndi mafilimu omwewo. Pofika 2012 Kodak inakadzigwetsa kukhoti kuti ngongole zayikulira. Lero tikujambula nsima, mphaka, nsapato za kaunjika zoti titumizire kasitomala, ndipo chithunzi cha agogo chimakwiririka pakati pa zonsezo.

Kenako foni ija aisolola pa depoti, kapena igwera m'ndowa, kapena wokonza akuuzani kuti "apa tingoifulasha basi". Zonse psiti! Mudzati zili pa Facebook. Chabwino, pasiwedi mukuikumbukira? Nambala yomwe munatsegulira idakalipo? Ndipo makampani akuluakuluwa nawo amataya katundu wa eni. Mu 2019 Myspace inavomera kuti nyimbo zomwe anthu anaika kumeneko kuyambira 2003 mpaka 2015 zinatayika posamutsa makompyuta ake. WhatsApp nayo imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndiye mukadzati mukatsukitse chomwe chadutsa m'magulu atatu, nkhope imatuluka ngati mwaionera m'madzi a thope. Chomwe mukufuna kutsuka, uzani mwini wake atumize ngati document.

Koma chondikomera kwenikweni pa kope si kuopa akuba ayi. N'choti mumalowa zinthu zomwe foni singasunge. Tikiti yoyamba ya msika yomwe munadula kwa a khonsolo. Khadi la chinkhoswe. Pulogalamu ya maliro a malume. Kachidutswa ka chitenje chomwe banja lonse linavala pa ukwati. Ndalama yapepala yakale ija, isanasinthidwe mu 2012. Alipo akuluakulu omwe anadula nyuzipepala za riferendamu ya pa 14 Juni 1993 n'kusunga. Ine ndinali ndisanabadwe, koma pepala lotere ukaligwira, lachikasu, lonunkha sutikesi, nkhani ya matipate imaleka kukhala ya m'buku la kusukulu.

Komanso tsamba ndi laling'ono, limakukakamiza kusankha. Pa zithunzi zonse za ubatizo umatenga ziwiri, n'kulemba pansi pake kuti uyu ndi uje, mwana wa uje, kwawo kwakuti, chaka chakuti. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Pitani m'nyumba zambiri, mukapeza maalubamu odzaza nkhope zomwe palibe akuzidziwa chifukwa wodziwayo anatisiya.

Sindikunamizani kuti pepala silifa. Misika yathu imapsa, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi zonse zinali m'katimo. Ndiye kope lisagone pa benchi. Likhale kunyumba, m'jumbo, pamwamba posafika chinyezi. Mukamaliza tsamba, lijambuleni ndi foni n'kutumizira m'bale wa kutali. Ntchito ya foni ndi imeneyo, ya mtumiki.

Pomata musagwiritse phala la ufa ngati momwe ana amachitira kupulaimale, mukhala mwaphikira mphemvu ndi chiswe. Selotepi nayo imasanduka yachikasu n'kusiya zipsera pa nkhope. Kaguluu ka mapepala pang'ono m'makona mokha n'kokwanira. Kuseri kwa chithunzi lembani mopepuka ndi pensulo, poti inki ya bolopeni imadinda pa chinzake. Malisiti otuluka m'makina a m'mashopu aja amafufutika okha pakapita nthawi, choncho yomwe munagulira firiji yoyamba ya geni yanu, kaipangitseni fotokope isanayere, mumate zonse ziwiri.